Momwe ndinawerengera mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege kuchokera ku Aberdeen kupita ku Sumburgh

Pokonzekera ulendo wopita ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa dziko la Scotland, ndinafuna kudziwa mtunda umene ndege imauluka kuchokera ku Aberdeen kukafika ku Sumburgh, komanso nthawi yeniyeni imene ulendo wonsewo ungatenge. Ndinayamba ndi zilembo zitatu zimene bungwe la makampani a ndege padziko lonse lotchedwa IATA limapereka ku bwalo lililonse la ndege, chifukwa ndizo zimalembedwa pa tikiti ndi pa chikwama. Aberdeen ndi ABZ, pomwe Sumburgh ndi LSI.

Kenako ndinatsegula mapu kuti ndione madigiri a mabwalo awiriwa. Bwalo la Aberdeen lili pa madigiri pafupifupi 57.2 kumpoto, ndipo la Sumburgh lili pa 59.9. Digiri imodzi yolowera kumpoto ndi makilomita pafupifupi 111 kulikonse padziko lapansi, choncho kusiyana kwa madigiri 2.7 kunandipatsa makilomita pafupifupi 300. Kulowera kum'mawa nkhani yake ndi ina, chifukwa mizere ya pa mapu imanka niyandikana munthu akamayandikira kumpoto kwenikweni kwa dziko. Kudera limeneli digiri imodzi ndi makilomita 58 okha, ndipo popeza Sumburgh ili kum'mawa kwa Aberdeen ndi digiri yosakwana imodzi, kupatukako sikuwonjezera kanthu kwenikweni pa mtunda wonse.

Ndege ya mtundu wa ATR 72, imene imagwira ntchito kwambiri pa maulendo afupiafupi ngati amenewa, imathamanga makilomita pafupifupi 500 pa ola ikakhazikika m'mwamba. Nditagawa 300 ndi 500 ndinapeza mphindi 36, koma ndandanda ya maulendo imasonyeza pafupifupi ola limodzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ena amaganiza kuti kampani ikuwanamiza. Nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba pamene ndege yachoka pamalo okwererapo anthu, n'kutha pamene yaima pamalo otsikira. M'kati mwa nthawiyo muli kuyenda pansi kupita ku msewu wonyamukirapo, kudikira chilolezo cha owongolera ndege, kukwera m'mwamba pa liwiro locheperapo, ndiponso kukhota kuti itere moyang'anizana ndi mphepo. Pa ulendo waufupi zinthu zimenezi zimadya gawo lalikulu la nthawi, ndipo mphepo yochokera kutsogolo ikakula imawonjezeranso mphindi zingapo.

Chomaliza chinali kuwerengera ulendo wa pansi, umene kwa ine ndi wofunika kuposa masamu onsewa. Sumburgh ili kumapeto kwenikweni kwa chilumba chachikulu, makilomita pafupifupi 40 kum'mwera kwa Lerwick, tauni yaikulu ya ku Shetland, ndipo msewu waukulu wa kumeneko umadutsa pamsewu wa ndege, moti magalimoto amaimitsidwa ndege ikamatera kapena ikamanyamuka. Nditaphatikiza nthawi yopereka katundu, yosechedwa, youluka ndi ya pagalimoto, ulendo wa mphindi 36 uja unaposa maola atatu. Ngakhale zili choncho, ndege ndi yachangu kwambiri poyerekeza ndi sitima ya pamadzi, imene imatenga maola 12 kapena kuposerapo kuchokera ku Aberdeen kukafika ku Lerwick. Popeza chifunga chimachedwetsa ndege kawirikawiri ku Sumburgh, ndinasiya mpata wa tsiku lathunthu pakati pa ulendo wobwerera ndi ndege ina imene ndinayenera kukwera ku Aberdeen.