Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Diramu, Matabwa ndi Chala Changa

Paja gawo lapitali ndinalekezera pomwe bambo ananditumiza kwa malume ku Ntchisi pa tchuthi chomaliza Fomu 1. Chaka chimenecho malume ankaumba njerwa, ndiye ine ntchito yanga inali ya madzi. Tinkapopa pamjigo mpaka diramu la malita 200 lidzaze, kenako nkulikweza pangolo.

Tsiku loyamba ndinafuna kuonetsa uchamuna. Ndinalikumbatira diramulo, ndinakoka, mitsempha ya m'khosi inaima, koma ilo phee. Madzi okhawo ndi makilogalamu 200, osawerengera chitsulo. Malume anangoseka.

"Iwe mphwanga, ufuna uthyoke msana usanakwatire? Katenge matabwa aja."

Anali matabwa awiri okhuthala, aatali ngati mamita atatu. Tinawatsamiritsa kumbuyo kwa ngolo, nkuligoneka diramu, nkumaligubuduza pang'onopang'ono. Linakwera. Ine ndinaona ngati matsenga.

Tsiku lachinayi ndi lomwe ndinalapa. Matabwa anali atanyowa, malume anali atapita kukamasula ng'ombe, ndipo ndinati ndiyese ndekha. Litatsala pang'ono kufika pamwamba, phazi linaterereka. Diramu linabwerera ngati lakwiya, linandiphonya miyendo koma linapeza chala chachikulu cha kuphazi. Chikhadabo chinachoka patatha sabata. Mpaka lero chinamera chokhota.

Titatsegulira Fomu 2, aphunzitsi a Physical Science anajambula pabolodi chithunzi cha thabwa lotsamira ndi katundu pamwamba pake. Anati makina ngati amenewa sachepetsa ntchito. Ndinakweza mkono, chala chikadali m'bandeji.

"Aphunzitsi, pepani, koma si zoona. Popanda matabwa diramu silikwera."

Kalasi yonse inaseka, koma iwo sanakwiye. Anandifunsa kutalika kwa ngolo. Ndinati ngati mita imodzi. Nanga matabwa? Mamita atatu. Ndiye anati mu sayansi ntchito ndi mphamvu yomwe wakankha nayo kuchulukitsa ndi mtunda womwe chinthucho chayenda. Kukweza makilogalamu 200 mita imodzi ndi pafupifupi ma joule 2,000 (joule ndi muyeso wa ntchito), kaya wanyamula kaya wagubuduza. Thabwa langokulola kukankha ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yomwe ikanafunika ponyamula, koma ulendo watalika katatu. Komanso mphamvu ina umataya chifukwa cha kukhulana kwa chitsulo ndi thabwa.

Ndinakhala pansi osakhutira kwenikweni. Chomwe chinandigonjetsa ndi funso lawo lotsatira: "Nanga mphamvu yomwe inakuphwanya chalayo inachokera kuti?" Inali yanga yomwe. Thukuta lomwe ndinakhetsa polikweza linali litasungika m'diramumo, ndipo pobwerera linangondibwezera pakamodzi, pachala.

Madzulo ake ndinakaima pamjigo wa pafupi ndi sukulu nkumayang'ana amayi akupopa. Dzanja lawo linkayenda mtunda wautali kukwera ndi kutsika, pomwe chitsulo cholowa pansi chija chinkangosuntha pang'ono. Amayi ena anandifunsa ngati ndataya ndalama.

Kalata yomwe ndinawalembera malume yofotokoza zonsezi anaiyankha ndi mzere umodzi: ndibwerenso tchuthi chotsatira, njerwa zatsala zoti tiwotche. Za uvuni umenewo, ndi momwe unatigwera, ndikuuzani gawo likubwerali.