Ulendo wa ku Mzuzu: zimene Mpingo umaphunzitsa pa matenda a maganizo

Tinanyamuka pa parishi mbandakucha wa Lachisanu, anthu 14: makatekisti, amayi a m'miphakati ndi bambo mfumu athu amene kale ankaphunzitsa filosofi ku seminale. Pa Kasungu tinagula chimanga chootcha, pa Jenda tayala linaphwa, ndipo m'nkhalango ya Chikangawa tinalowa chifunga chitatseka kale. Amene tinasiya majuzi kunyumba tinalapa titafika ku Mzuzu.

Cholinga chinali kukaona ntchito ya pa chipatala cha St John of God, kumene abulazala a chipani cha dzina lomweli akhala akuthandiza odwala matenda a maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi koleji yophunzitsa anamwino ndi aphungu. Usiku womwewo bambo mfumu anati tisanaone malowo tidziwe kaye mwini dzina. John of God anabadwira ku Portugal mu 1495, anakhalapo msilikali, kenaka ankagulitsa mabuku ku Granada, ku Spain. Atamva ulaliki wa wansembe wina dzina lake John of Avila anasokonezeka mpaka anamutsekera m'chipatala cha amisala, momwe mankhwala ake anali unyolo ndi zikwapu. Atatulukamo anayamba kutola odwala m'misewu, mpaka imfa yake pa 8 Marichi 1550. Ine ndinangokumbukira mnyamata wina wa kwathu amene abale ake anamumangirira pamtengo wa mango ndi chingwe cha ng'ombe, ife a mphakati n'kumangodutsa kolona ili m'manja.

Loweruka m'mawa tinakaona malowo. Za odwala sindilemba, si zathu zofalitsa. Masana ndiye panali phunziro lenileni. Bambo mfumu anatsegula Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 365 n'kufotokoza ganizo la Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo yemwe anamwalira mu 1274: mzimu sukhala m'thupi ngati munthu wa lendi m'nyumba ya eni, koma thupi ndi mzimu ndiwo munthu mmodzi. Choncho ubongo ukadwala munthu yense amavutika, pemphero lomwe limalemera, ndipo kumwa mankhwala si kukayikira Mulungu.

Kenaka anatiwerengera zimene Aquinas analemba kuti zimapepusa chisoni: chinthu chokondweretsa mtima, kulira, chifundo cha abwenzi, kusinkhasinkha choonadi, komanso kugona ndi kusamba. Pa kusambapo holo yonse inaseka. Mayi wina wachikulire sanaseke. Anafunsa kuti, "Nanga bambo, bwanji ife pamaliro timauza namfedwa kuti asalire, eti akusowa chikhulupiriro?" Palibe anayankha msanga, chifukwa mawuwo tonse tinawanenapo.

Mkangano unabuka pa ziwanda. Katekisti mnzathu anati zonsezi n'zachizungu, kwawo munthu wobwebweta amamupempherera basi. Bambo mfumu sanakane kuti Satana alipo, koma anationetsa ndime 1673, yonena kuti matenda a maganizo ndi nkhani ina, ya madokotala, ndipo asanatulutse chiwanda ayenera kutsimikiza kuti si matenda. Ngakhale wansembe sachita mwambowo popanda chilolezo cha episkopi. Mnzathuyo sanakhutire, ndipo ndikuona kuti nthawi inatichepera. Funso lake ndi limene timakumana nalo mlungu ndi mlungu, linkafunika tsiku lathunthu.

Chimene chinandilasa ine ndi nkhani ya kudzipha. Malamulo a Mpingo a 1917 ankamana odzipha mwambo wa maliro, koma a 1983 anachotsa zimenezo. Katekisimu pa 2282 ndi 2283 amati kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungachepetse mlandu wa munthuyo, ndipo tisataye mtima za chipulumutso chake, Mpingo umamupempherera. Zaka zitatu zapitazo ndinakana kutsogolera mapemphero pamaliro a mnyamata wina amene anadzimangirira. Ndinkayesa ndikuteteza chiphunzitso. Mayi ake chisiyireni kubwera ku mphakati ndi tsiku lomwelo.

Pobwerera Lamulungu Misa itatha, tinagwirizana m'basimo kuti mphakati uliwonse usankhe anthu awiri oti aphunzire uphungu, komanso tilembe zipatala zapafupi zotumizako odwala. Anzanga anagona tisanafike pa Jenda. Ine ndinapempha bambo mfumu kuti Lachitatu andiperekeze kwa mayi aja, chifukwa ndekha sindingayambe n'komwe kuodira pakhomo pawo.