Nalimata wa pakhoma la aneba

Tiana ta njoka ya chakusa tikangoswa kumene sitidya, ndipo zimenezo sizodandaulitsa. Timatuluka m'dzira totalika masentimita 20 kapena 25, m'mimba muli chikasu cha dzira chotisunga mpaka titafundula koyamba, pakatha sabata imodzi kapena masiku 10. Apo m'pamene umayamba kuyesa chakudya. Tanga tinafundula bwinobwino, tina tinadya, koma tiwiri tinachita mwano.

Zofunika zonse zinalipo. Kalikonse kanali m'kabokosi kakekake ka pulasitiki koboola ndi msomali wotentha, chifukwa ukatiphatikiza, kamene kali ndi njala kakhoza kumeza kanzake. Pansi tishu, madzi m'chivindikiro cha botolo, pobisala chikatoni cha pakati pa tishu chophwanya. Mbali imodzi yofunda madigiri 29 kapena 30, inayo 25; malaiti akapita, botolo la madzi ofunda lokulunga m'sokosi limatsamira kunja kwa bokosi. Njoka yozizidwa sigaya chakudya, ndiye siyamba n'komwe. Kambewa kongobadwa, kofiira kopanda ubweya kaja, ndinkakasungunula m'madzi ofunda, osati owira, n'kukasiya pakhomo la pobisalapo kukada, ine n'kuchokapo. M'mawa kali pomwepo. Ukatero umadikira masiku 5 kufika 7, chifukwa kuyesa tsiku lililonse kumangoopseza njoka. Kuboola mutu wa kambewa ndi singano kuti fungo lituluke, nakonso kunakanika.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kutchire kamwana ka chakusa kamayamba ndi nalimata ndi tiabuluzi, mbewa zimadza kakakula. Ndiye umakapusitsa: umatsuka kambewa kuti fungo lake lichoke, kuumitsa, kenako kukakhuza pamimba pa nalimata wamoyo. Kukakamiza mchira wa mbewa kukamwa n'kwa pamapeto penipeni, chifukwa tinsagwada take sitichedwa kuvulala.

Vuto, kwathu ku Kapata, ku Chipata, nalimata onse amasonkhana pa babu limodzi, la pakhoma la aneba, ndipo anebawo amagona mochedwa. Cha m'ma 02 ndinatuluka nditavala kabudula yekha, kunja kukutentha, tochi kukamwa, kambewa kali m'chikhatho. Nalimata ndinamugwira, wonenepa ndi ngumbi. Ndili mkati mokhuza, ndikunong'ona kuti "lero udya, ufune usafune," zenera linatseguka.

Taganizani zimene mayi a m'nyumbamo anaona: bambo wa ndevu, wopanda malaya, pakati pausiku, akusisita mbewa yofiira pamimba pa nalimata, pansi pa zenera lawo, pakamwa pakuyaka.

"Mayoooo! Mfitiii!"

Nalimata anadula mchira n'kuthawa. Ine ndinatsala nditagwira mchira ukuvina wokha m'manja, ndipo anthu anandipeza choncho. Amuna awo anatuluka ndi mpini wa khasu.

"Aneba, n'chiyani ichi?"

"Pepani bambo, musaope. Si za inu ayi. N'za njoka zanga."

Mpini unakwera m'mwamba.

Kutacha tinakhala pansi pa mtengo wa mango, apongozi anga aakazi atawaitanitsa, akulu a mpingo aliponso. Ndinafotokoza kuti chakusa alibe ululu, kuti ndi njoka yabulauni ija ya mizere iwiri yoyera m'mbali mwa mutu, imene imatha makoswe m'nkhokwe. Mkulu wina anafunsa kuti ndimazituma kuti. Apongozi sanafunse za njoka ayi. Chinawapweteka iwo ndi mbewa: munthu wa kum'mawa, mbewa n'kukhala nazo m'firiji, ndiwo zenizeni, n'kumapatsa njoka, ana ako akudya chibwabwa!

Anagamula kuti ndionetse. Ndinauza anthu kuti chakusa amadya usiku, pamdima, popanda phokoso, ndipo pagulu chonchi sangayerekeze. Anati ndiye bodza lako lagwidwa. Ndinabweretsa kabokosi, anthu anabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda, ndinakhuza kambewa ndi mchira wa dzulo uja n'kuika. Kanjoka kaja, kamene kanandisowetsa tulo, kanatulutsa lilime kawiri, kanagwira, kanazinga, kanayamba kumeza kuyambira kumutu, dzuwa likuswa mtengo.

"Mwaona?" anatero mayi aja. "Ikumumvera!"

Kakadya sukagwira kwa masiku awiri, chifukwa kamasanza, ndiye ndinanyamula bokosi ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ndikuyenda chonyang'ama, zimene sizinathandize mbiri yanga. Mchira ndinausunga m'firiji m'kapepala ka pulasitiki, poti umagwira ntchito kangapo, ndipo fungo umalichepetsa pang'onopang'ono mpaka njoka izolowere mbewa yokha.

Kachiwiri kaja sikanadyebe. Aneba anachotsa babu tsiku lomwelo, nalimata onse anasamuka, ndipo ana a m'komboni akundigulitsa mmodzi K5, ndalama ndiziponya patali.