Ndinamuona akupanga sikani koma ndinamuvotera

Loweruka lililonse usiku timasewera gemu ya pafoni ya Among Us, ndife a Malawi khumi okhala kuno ku Joni, ena ku Rosettenville ena ku Yeoville wina ku Tembisa, timalankhulana pa Discord, pulogalamu yochezera pa intaneti. Ndinayamba ngati chotayitsa nthawi basi koma pano ndikumalemba zamugemuyi mu kope la sukulu, poti semesita ino tikuphunzira mmene magulu amamangira mfundo ndiye zomwe ndikuwerenga masana usiku ndikumaziona pafoni.

Kwa amene simunasewerepo, pa anthu khumi awiri amakhala ma impostor, amadziwana okhaokha ndipo amapha anzawo mobisa. Enafe sitidziwa kanthu, mtembo ukapezeka timakumana nkuvota kuti titaye ndani. Maganizowa ndi akale, anachokera ku gemu ya Mafia yomwe Dimitry Davidoff anayambitsa mu 1986 ku Moscow State University, ndipo mutu wake ndi womwewo, ochepa odziwa kulimbana ndi ambiri osadziwa. Among Us anatulutsa ndi a Innersloth mu 2018 koma inadzatchuka mu 2020 nthawi ya Covid.

Chomwe chandilembetsa ndi cha sabata yatha. Tinali pa mapu a mugemu otchedwa The Skeld, ine ndinaona ndi maso anga mtsikana wina, wamng'ono pa tonse, akupanga sikani (kuunikidwa thupi ndi makina) ku MedBay, chipinda cha chipatala cha mugemumo. Impostor sangapange sikani imeneyo, ndiye ndinkadziwa ndithu kuti mwanayu alibe mlandu. Mtembo utapezeka achimwene ena, akuluakulu amene ambirife anatilandira titangofika kuno ku Joni, anangoti “ameneyu wangoti zii, ndi yemweyu.” Wachiwiri anavomera, wachitatu naye, pofika pa ine anthu asanu anali atavota kale ndipo ndinayamba kudzikayikira kuti mwina amene ndinamuona pa sikani anali wosewera wina. Ndinamuvotera. Impostor anali achimwene omwewo.

Zinandiwawa kwambiri chifukwa Lachitatu la sabata yomweyo ndinali nditawerenga za Solomon Asch, katswiri wofufuza za maganizo a anthu. Mu 1951 iyeyu ankaonetsa anthu mizere nkufunsa kuti wofanana kutalika ndi uwu ndi uti, funso losavuta, koma ena onse mchipindamo anali atapanganiratu kuti ayankhe zabodza. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposa apo. Pomwe pandigwira mtima ndi apa, pakapezeka munthu mmodzi yekha woyankha zoona, kutsatira gulu kuja kunkatsika kwambiri. Ndiye kuti mtsikana uja ankangofunika munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinali ine.

Kwa ife ndikuona kuti nzovutirapo. Tinakula tikumva kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ulemu umenewu ine ndimaukonda, ndi umene umatisunga kuno kuchilendo. Koma mugemu wabodza amabisala momwemo, amadziwa kuti akayamba kulankhula iyeyo palibe anganene kuti ayi achimwene mwalakwitsa.

Palinso masamu ake omwe poyamba sindinkawalabadira. Ma impostor amawina akafanana chiwerengero ndi enawo. Mukatsala 7 ma impostor onse awiri alipo, mukataya wosalakwa mwatsala anayi kwa awiri, akapha awiri nthawi imodzi gemu yatha, ndiye pa 7 ngati palibe umboni kuli bwino kusikipa, kutanthauza kusataya aliyense. Pa 6 mpamene simungasikipe, muyenera kuvota basi olo mukukayika. Ife timavota paliponse chifukwa chotentha mtima.

Ndinawauza anzanga zonsezi, ndinapepesanso kwa mtsikana uja pagulu. Tagwirizana zoti tiyese, pamsonkhano aliyense aziyamba wanena komwe anali ndi chomwe waona, dzina la munthu lizibwera pambuyo, ndipo aziyamba kulankhula ndi ang'onoang'ono, akulu azitsekera. Achimwene aja anavomera bwinobwino, anati iwonso anadabwa kuti palibe anawafunsa komwe anali.

Ndakhala ndikuganiziranso za gulu lathu lothandizana pa maliro, lomwe timasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi wina akatisiya. Mwezi watha tinakweza chopereka, anthu onse anakweza manja, koma potuluka ndinamva amayi awiri akudandaula kuti sakwanitsa ndi ndalama za renti. Msonkhano wotsatira ndikufuna ndikapemphe kuti tizivota polemba pa timapepala, ndipo ndayamba kale kukonzekera mmene ndikawauzire a tcheya mwaulemu.