Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Tsiku la ku Gold Reef City

Chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi ku Johannesburg chinayenda bwino kuposa choyamba. Mapepala a SACE, bungwe lolembetsa aphunzitsi ku South Africa, anali atatuluka, chipinda chogona ndinali nditapeza, ndipo ana a Giredi 9 anali atazolowera kalankhulidwe kanga moti masamu tinkamvana popanda kubwerezabwereza. Chakumapeto kwa temu yachitatu, ahedi anandiika m'gulu la aphunzitsi operekeza ana ku Gold Reef City.

Malowa ali ku Ormonde, kummwera kwa mzinda, moyandikana ndi Apartheid Museum imene inatsegulidwa mu 2001. Ndi paki yamasewera, koma anaimanga pamwamba pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, umene unasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Nyumba zake n'zofanizira Joni wakale, wa nthawi imene golide anangopezeka kumene ku Langlaagte mu 1886. Ana zimenezo analibe nazo ntchito. Basi isanaime n'komwe anali atayamba kale kukuwa mayina a zokwera: Anaconda! Tower of Terror!

Ine cholinga changa chinali kusunga zikwama. Koma panali mtsikana wina wamanyazi, amene m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Anabwera n'kundigwira malaya. "Sir, ndikwera pokhapokha inunso mukwere." Ndikanakana bwanji?

Tower of Terror imakukweza pang'onopang'ono pa chinsanja chachitsulo chonga cha pamgodi. Uli pamwambapo umaona mzinda wonse, ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi itazungulira. Kangolo kamasendera kumapeto kwa njanji, kamaima kaye, kenako kamagwa chamutu kulowa m'dzenje la mdima. Mimba inandithawira kukhosi. Mtsikana uja anakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo titatsika anaseka misozi ili chuchuchu. Kuyambira sabata yotsatira anayamba kuyankha mafunso m'kalasi. Amene amati maulendo oterewa n'kutaya ndalama za makolo, ine sindigwirizana nawo.

Masana tinalowa mumgodi. Anatipatsa zisoti ndi nyali, n'kutilowetsa m'chikepe chachitsulo, mothinana. Alendo amangowatsitsa pang'ono, pamene mgodiwo unazama kupitirira makilomita 3. Komabe pang'ono pomwepo mpweya unasintha, makoma anali onyowa, ndipo phokoso lonse la kupaki linatheratu. Wotitsogolera anatisonyeza makina obowolera mwala n'kutifotokozera kuti fumbi lake ndi limene linkawononga mapapo a anthu. Kenako anatchula kumene ogwira ntchito ankachokera: Lesotho, Mozambique, Transkei, Malawi.

Atatchula Malawi, ana onse anatembenukira kwa ine.

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, m'zaka za m'ma 1960, kuchokera ku Ntcheu. Ndinakula ndikuona sutikesi yawo yachitsulo pansi pa bedi, njinga imene anabwera nayo, ndi makina osokera amene anadyetsa banja lonse kwa zaka zambiri. Ndinakulanso ndikumva chifuwa chawo usiku, chosatha, chimene chinawatenga ine ndili ku pulayimale. Mchimwene wawo sanabwerere konse, anasanduka mtchona, ndipo mpaka lero sitidziwa kumene anaikidwa. Zonsezi ndinkazidziwa ngati nkhani za pakhonde. Koma kuima m'ngalande yamwala, mutu utawerama kuti chisoti chisagunde denga, kunandionetsa kuti agogo analowa malo oterewa ali mnyamata wosaposa kwambiri ana amene ndinali nawo, ndipo ankalowamo tsiku ndi tsiku, kuya kwambiri kuposa pamene tinaima.

Sanali okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi opitirira 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi kwa zaka zingapo. Aliyense wokwera basi pa depoti ya Wenela ku Blantyre amatchula mbiri imeneyi, kaya akuidziwa kaya ayi.

Titatuluka tinakaonera kusungunula golide. Bambo wina atavala zodziteteza kumoto anatulutsa mphika m'ng'anjo n'kuthira golide wamadzi m'chikombole. Anatiuza kuti golide amasungunuka pa madigiri 1,064. Kutentha kwake kunatifika kumaso ngakhale tinali chapatali. Ana anaomba m'manja, inenso ndinaomba, chifukwa n'zokongoladi. Panja anyamata ovala magambuti ankavina gule wa m'migodi, akumenya nsapato ndi zikhatho, ndipo ana athu ena analowa m'bwalo n'kuvina nawo.

Pobwerera, mnyamata wina wovuta kwambiri m'kalasi mwanga anadzakhala pambali panga. "Sir, agogo anu anali mumgodi?" Ndinavomera. Anati agogo akenso, ochokera ku Lesotho, ndipo zala ziwiri anazisiya komweko. Tinacheza mpaka kusukulu. Chiyambire chaka, aka kanali koyamba kuti ine ndi iye tilankhulane popanda nkhani ya chilango.

Lolemba ndinasiya zimene ndinakonza n'kulemba funso limodzi pabolodi: tiyerekeze kuti tani imodzi ya mwala ikutulutsa magalamu 5 a golide, pangafunike matani angati kuti papezeke golide wolemera makilogalamu 12.5? Anawerengera n'kupeza matani 2,500. Ndinawafunsa kuti mwala wonsewo ankaswa ndani, ankanyamula ndani. Homuweki inali yoti aliyense akafunse akuluakulu a kwawo ngati m'banja mwawo munali munthu wa kumgodi. Mayankho anabwera ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera: a ku Xai-Xai, a ku Mthatha, a ku Maseru, a ku Bulawayo. Mtsikana wina anadzanong'ona kuti agogo ake anali a ku Nkhata Bay, koma kunyumba anamuuza kuti asamanene kusukulu. Ndinamuuza kuti kwa ine akhoza kunena nthawi iliyonse.

Usiku umenewo ndinaimbira mayi ku Ntcheu. "Amayi, kodi mapepala a agogo a ku Theba alipobe?" (Theba ndi dzina limene Wenela inadzadziwika nalo pambuyo pake.) Anati ali m'sutikesi muja, pamodzi ndi kalata yomaliza ya mchimwene wa agogo uja, yokhala ndi adiresi ya komponi ina ya ku Welkom. Anandiwerengera pafoni, ine ndikulemba kuseri kwa rejisitala. Za ulendo wanga wa ku Welkom ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.