Anandiika manja pamutu ndili pakati pa intavyu

Choyamba, sindinagwe pansi. Amene akufalitsa zoti ndinagwa n'kuyamba kugubuduzika ndi msuweni wanga, ndipo iye kunalibe, anali kuntchito ku Kanengo. Chachiwiri, kumunsi ndinavala. Kabudula ndi chovala. Inu a pagulu la WhatsApp mwaseka mokwanira ndi kakanema ka masekondi 40 ka intavyu yanga kaja, tsono imvani kwa mwini nkhani.

Kampaniyo sinditchula, mukuidziwa, ndi imodzi mwa zikuluzikulu za ku America zomwe zili ndi maofesi ku Dublin, m'dziko la Ireland. Mayi wolemba anthu ntchito anandiuza bwinobwino za gawo lotsatira: mphindi 45 pa vidiyo, funso la code (malangizo olembera kompyuta), ndizilemba pa tsamba loti ine ndi wondifunsayo tikuliona limodzi, lopanda tija tokumalizira mawu ukangolemba zilembo ziwiri. Ndipo anatsindika kuti ndiziganiza mokweza. Anthu amenewa safuna yankho lokha, amafuna kumva mmene mutu wako ukuyendera. Ukakhala duu mphindi 5, ngakhale yankho ulipeze, wofunsayo alibe choti alembe za iwe.

Ndiye ndinayamba kuphunzira kuganiza mokweza. Apa mpamene panagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna aliyense aone kuti ndinkangotsatira malangizo.

Ndimakhala mu boyizi kota ku Area 25, zenera langa moyang'anizana ndi khitchini ya mayi landilodi. Bando yotchipa ndi ya usiku. Choncho pakati pa usiku, agalu okha akuuwa, munthu uli pa LeetCode, tsamba la pa intaneti loyesererapo mafunso a code: ukudzifunsa funso m'Chingerezi, ukudziyankha, ukudzitsutsa, kenako ukudzithokoza chifukwa cha funso labwino. Palinso mafunso a khalidwe, aja amati fotokoza tsiku lomwe unasemphana maganizo ndi bwana wako. Amayankhidwa mwa njira yotchedwa STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wako unali wotani, unachitapo chiyani, zinatha bwanji. Ndinakangana ndi bwana yemwe kulibe mpaka tambala woyamba. Amatinso uzimwetulira ndi kuoneka womasuka, ndiye apo ndi apo ndinkaseka nthabwala yomwe palibe waiponya.

Bolodi loyera lija ndinafunsa mtengo wake m'tauni, ndinangothokoza n'kutuluka. Ndinagula choko. Khoma la kuseri kwa mpando wanga linadzaza ndi ma binary tree, mitengo ija yoyambira muzu kumwamba nthambi n'kumatsikira pansi, mphambano iliyonse kabwalo kokhala ndi nambala. Koma chomwe chinandipha ndi Dijkstra. Edsger Dijkstra, wa ku Netherlands, anaganiza njira yopezera msewu wachidule mu 1956, atakhala pamalo omwera khofi ku Amsterdam ndi bwenzi lake, m'mphindi ngati 20 basi, n'kudzaisindikiza mu 1959. Iye ankaganiza za ulendo wa Rotterdam kupita ku Groningen. Ine malo amenewo sindiwadziwa, ndiye ndinajambula Lilongwe: kabwalo kolembedwa "kwathu", mivi kupita ku Kanengo, Area 49, Area 47, depoti, muvi uliwonse ndi nambala yake. Pa Area 18 sindinalembe Area 18. Ndinalemba "manda", chifukwa aliyense amadziwa manda a pamenepo. Ndipo njira yachidule nditaipeza ndinaidinda ndi choko chofiira, kuchoka "kwathu" kudutsa pa "manda".

Tsiku lina mayi landilodi anabwera kudzatenga ndalama ya madzi. Anaima pakhomo, maso pakhoma, nthawi yaitali ndithu. Anangoti, "Mwana wanga, kumudzi ali bwanji onse?" Ndinati ali bwino. Ndalama ya madzi anaiiwala.

Pokhala munthu waulemu, ndinapita kukawadziwitsa. Mawu anga enieni anali awa: "Mayi, Lachinayi 4 koloko madzulo ana asasewere pafupi ndi zenera langa. Ndikumana ndi anthu ena ake m'chipinda mwanga." Iwo anafunsa ngati asese pabwalo ndi kumanga galu. Ndinati ayi, musavutike, anthuwo sadzera pageti, ali kutali kwambiri, koma azindiona ndipo tizilankhula. Anafunsa ngati akufuna ndalama. Ndinati ayi, akufuna aone kaye ngati ndili woyenera kulowa nawo.

Ndawabwereza mawu amenewa kambirimbiri m'mutu mwanga. Palibe bodza ngakhale limodzi.

Zina zonse ndinakonzekera. Laputopu yodzaza moto, power bank pambali kuopa kuti magetsi athima, ma simukadi awiri onse ali ndi bando. Ngakhale msampha wa nthawi ndinaudumpha: ku Ulaya amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, pomwe ife sitisintha, choncho Dublin yemwe anali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi pamene tinkapangana, pa tsikulo anali kumbuyo ndi maola awiri. Jekete ndinakalisankha ndekha pa kaunjika wa ku Tsoka, lakuda, la ubweya, losokedwera dziko lina lachisanu. Kutentha kwa nyengo imeneyo pansi pa malata opanda siling'i mukukudziwa. Kamera imaonetsa kuyambira pachifuwa kupita kumwamba, ndiye kumunsi ndinavala kabudula wa mpira, mapazi n'kuwaviika m'beseni la madzi ozizira. Umenewu ndi uinjiniya, musaseke.

Chimodzi chokha sindinachiike pa mndandanda: Lachinayi ndi tsiku la amayi kutchalitchi.

Wondifunsa anali mnyamata wandevu, waulemu wake. Anayamba ndi funso lotenthetsera thupi: wapatsidwa mndandanda wa manambala ndi nambala ina imodzi, peza awiri omwe ukawaphatikiza akupereka imeneyo. Mtima unakhala pansi, ili ndi funso loyamba lenileni pa LeetCode. Ndinafotokoza kuti njira yaulesi ndi kuyesa nambala iliyonse ndi inzake yonse, koma mndandanda ukakula kakhumi ntchito imakula ka 100. Njira yabwino ndi kuyenda kamodzi kokha, nambala iliyonse ukuisunga mu hash map, mosungira zinthu moti uzizipeza msangamsanga (m'chilankhulo cha kompyuta cha Python amati dictionary), n'kumayang'ana ngati mnzake wosowayo wadutsa kale. Mnyamatayo ankagwedeza mutu. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zogula jekete lachiwiri.

Ndinali ndi mahedifoni, choncho nyimbo sindinaimve ikubwera. Kiyi wapadera akutembenuka sindinamumvenso. Chomwe ndinaona ndi nkhope ya mnyamata uja ikusintha, maso ake kuchoka pa ine kupita pamwamba pa phewa langa. Ndinayang'ana kabokosi kakang'ono komwe umadziona wekha. Kumbuyo kwanga kunali mipango yoyera. Umodzi, iwiri, kenako khoma lonse.

Taganizani zomwe amayiwo anaona. Mnyamata ali yekha, jekete laubweya, tayi, kabudula, mapazi m'madzi, thukuta kamukamu, akumwetulira ndi kulankhula Chingerezi, kumbuyo kwake mapu opita kumanda. Ine ndemwe ndikanakhala iwo ndikanayamba ndi nyimbo yomweyo.

Mnyamata uja anafunsa ngati zonse zili bwino. Ndinayankha kuti inde, awa ndi achibale, tipitirize. Mtsogoleri wa gululo, mayi wamtali wa mawu ngati belu la sukulu, anakuwa, "Mwamva? Akuwayankha!" Basi dzanja pamutu panga, phaa.

Dzanja limenelo ndilifotokoze. Linali lotakata, lofunda, lonunkhira anyezi ndi sopo, dzanja loti lasinja chimanga zaka zambiri ndipo silinayambe lagonjapo. Silinkangokhala pamutu, linkagwira ntchito. Liwu lililonse lamphamvu la pemphero, mutu wanga pansi. "Tuluka!" pansi. "Musiye mwanayu!" pansi. Ndinafikira batani lozimitsa mawu, ndinalidina, koma pakamwa sipanalandire uthengawo: ndinapitiriza kufotokoza hash map kwa munthu yemwe sakundimva, m'chipinda cha anthu omwe akundimva bwino lomwe. Ine ndinkamumvabe m'mahedifoni. Anafunsa ngati ndikufuna tiimitse tidzachite tsiku lina. "Tuluka!" Mutu wanga unavomera. Anati chabwino, kapena mwina ndikufuna tipitirize? "Tuluka!" Unavomeranso. Anaima kaye, n'kufunsa pang'onopang'ono ngati ndili pa ngozi ndipo aitane thandizo. Mayi uja anali atafika pachimake, katatu motsatizana. Ndinavomera katatu, ndikumwetulira, chifukwa anati tizimwetulira. Pa nthawi yonseyi zala zanga zinali pa kiyibodi, ndipo ndikufuna zidziwike kuti mzere womwe ndinalemba dzanja lili pamutu unalibe cholakwika chilichonse.

Poyesa kudzuka, phazi linaterereka m'beseni, chingwe cha mahedifoni n'kuzuka. Bondo limodzi linagunda simenti. Bondo limodzi si kugwa. Pamenepo mawu a mnyamata uja anatulukira pa sipika, akuitana dzina langa.

"Chalankhula!"

Awiri anathawira pakhomo n'kukanirirana pomwepo. Koma agogo ena aafupi, omwe nthawi yonseyi ankangoyimba chapansipansi, anasendera pafupi, anakonza magalasi, anasuzumira pa laputopu. "Aa, koma ndi mzungu uyu. Wandevu." Anawomba m'manja mwaulemu, mawondo kupinda pang'ono: "Muli bwanji, bambo?" Mdzukulu wa mayi landilodi, yemwe anali pazenera ndi foni, ndipo ndi amene nonsenu muyenera kumuthokoza, anati, "Agogo, imeneyo ndi intavyu ya ntchito." Mwana ameneyu ankadziwa kuyambira pachiyambi. Tidzakambirana.

Munthu ukanaganiza kuti apa atuluka. Ayi. Mtsogoleri anati pemphero loyamba kale silisiyidwa panjira. Anangolikhotetsa: Ambuye, mwana wanuyu akufuna ntchito, m'fewetseni mtima bwana wandevuyu, m'patseninso iye ana ndi mtendere kwawoko. Ndinayatsa mawu kuti ndipepese, moti "Ameni" wa amayi onsewo anakafika ku Dublin wathunthu. Mnyamatayo anali ataweramitsa mutu. Ena akuti ankalemba manotsi. Ine ndinalipo, ndikuti anapemphera nafe.

Atatuluka, anati nthawi yatsala pang'ono koma tiyese funso lachiwiri. Mizinda, misewu, msewu uliwonse ndi mtunda wake, peza njira yachidule. Abale anga, Dijkstra weniweni. Yankho lonse linali pakhoma, ndipo mu kabokosi ka kamera ndikanatha kuliona osatembenuka n'komwe. Ndinayang'ana. Khoma linali lonyowa, loyera, choko chofiira chikuyenderera pansi. Mmodzi mwa amayiwo anali ataviika kansalu m'beseni langa lomwe lija n'kufufuta zonse, kuyambira kwathu mpaka kumanda. Sikuti ndinkafuna kuonera. Ndikungonena kuti munthu ukazolowera kuganiza khoma lili kumbuyo kwako, akakuchotsera, mutu umasokonekera. Ndinayamba bwino, ndinatchula priority queue, mzere uja woti chofunika kwambiri chimatuluka choyamba, kenako ndinaiwala chomwe umaikamo.

Imelo inabwera sabata yotsatira. Yaulemu kwambiri, akuti apitiriza ndi anthu ena, ndidzayesenso m'tsogolo. Za amayi sanatchule.

Mayi landilodi akuuza aliyense pa mpopi kuti chipemphererereni ndikugona usiku ndipo ndasiya kulankhula ndekha, zomwe ndi zoona. Anandibweretsera mbale ya futali. Akutinso choko chofiira chinalowerera m'khoma, ndiye penti ndigule ndine mwezi ukatha.