Zikomo kwa Onse Amene Munalemba M'mphepete mwa Buku Langa

Dzulo ndinali ku Lilongwe kukatenga chikalata changa ku Medical Council of Malawi. Miyezi 18 ya intenishipu, yogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, yatha, dzina langa lalowa m'kaundula wa madokotala. Pobwerera m'basi envulopu ndinaifungatira ngati khanda, koma maganizo anali pa buku la udokotala limene ndinasiya patebulo kunyumba, lokhuthala, lothyoka msana, lomatidwa ndi pulasitala wa kuchipatala. Ndakhala ndikuyesa kundandalika anthu oti ndiwathokoze, ndipo pafupifupi aliyense nkhani yake ikukhudza buku limeneli.

Amayi, inu ndiyambe nanu, ngakhale mukadali kulitcha "Baibulo la mwanayu". Munkadzuka usiku patchuthi n'kundipeza ndagona palo, n'kuzimitsa nyali osandidzutsa. Pali chinthu chimene sindinakuuzeni, ndipo mukachimva kwa achemwali akakuwerengerani izi: chaka chachitatu chija ndinachedwa kubwera kutchuthi, sikuti kunali ntchito ina ayi. Ndinalakwa mayeso a matenda a akuluakulu, ndipo ndinatsalira kulemba sapu, mayeso obwereza. Ndikanalakwanso, kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu, kunali pafupi. Mundikhululukire bodza lija.

Chinandigwetsa sichinali ulesi. Ndinkawerenga mpaka maso kufiira. Vuto linali lakuti foni yanga inali yodzaza ndi mabuku a PDF amene tinkatumizirana pa WhatsApp, ndipo aliyense wa akuluakulu athu ankalumbirira buku lake. Uyu ati Davidson's basi, uyo ati wanzeru amawerenga Kumar and Clark, wachitatu n'kukuyang'ana mokumvera chisoni chifukwa sunatsegulepo Harrison's. Ine ndinkafuna kumvera onse. Za mtima wofooka ndinkaziwerenga m'mabuku atatu usiku umodzi, m'mawa aphunzitsi akandifunsa pambali pa bedi la wodwala, m'mutu mumangomveka phokoso ngati la pamsika.

Malume, inu mutamva kuti zavuta (ndinu nokha ndinakuuzani), munagulitsa kachewere wanu wa ku Tsangano mtengo usanakwere, n'kunditumizira ndalama kuti ndigule "buku limene madokotala enieni amawerenga". Simunafunse dzina lake, simunafunse chenji. Ine m'mutu mwanga buku limenelo linali Harrison's, mavoliyumu awiri, masamba zikwizikwi, loti ukaliika pashelefu anzako amayamba kukulemekeza.

Amene anandiletsa ndi adokotala ena aakazi amene panthawiyo ankachita maphunziro aukatswiri pawodi yathu. Mukudzidziwa, madamu. Munandimvetsera mpaka kumapeto, kenako munati, "Iwe chakugwetsa ndi mitala. Sankha buku limodzi ukhale nalo mpaka ulidziwe ndi fungo lomwe. Harrison's ndi lofunsira ukakumana ndi chinthu chachilendo, si loyambira." Tsiku lotsatira munandilozera kwa mlongo wina amene anali patsogolo panga ndi zaka ziwiri, ndipo iyeyo anatulutsa m'katoni Davidson's wosindikizidwa mu 2006. Ndinakhumudwa, ndisaname. Buku lazaka zoposa khumi, chikuto chopindika, tsamba lina lothimbirira ndi tiyi. Ndalama za Malume tinagulira Macleod's, lophunzitsa kapimidwe ka wodwala, kabuku kam'thumba ka Oxford Handbook of Clinical Medicine, ndi stethoscope yabwinoko kusiyana ndi imene ndinali nayo, yomwe inkangomveka mphepo.

Nditayamba kuliwerenga ndinaona kuti m'mphepete mwa masamba muli zolemba za anthu atatu. Woyamba ankalemba ndi cholembera cha buluu, zilembo zing'onozing'ono zoongoka. Pamutu wa malungo analemba kuti, "Kuno: SP yatha, LA kuyambira 2007." Ndinakafunsa, n'kumva kuti Malawi ndiye anali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga SP mu 1993, ndipo SP nayo itayamba kugonja ndi pamene tinasamukira ku LA. Wachiwiri ankalemba ndi pensulo. Pamutu wa HIV analemba "Option B+, 2011", ndondomeko imene inayambira kuno kwathu yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4. Wachitatu, mlongo uja, ankakonda zofiira. Analemba mlingo wa artesunate wa malungo aakulu, 2.4 mg pa kilogalamu, poyamba, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24, ndipo pansi pake anawonjezera kuti mwana wosafika makilogalamu 20 apatsidwe 3 mg pa kilogalamu. Pamndandanda wa ma ARV anadula mzere waukulu n'kulemba "13A", mankhwala okhala ndi dolutegravir amene dziko lino linayamba kupereka mu 2019. Buku la 2006 silikanawadziwa amenewa, chifukwa anali asanatuluke n'komwe.

Awiri oyambawo sindikuwadziwa nkhope. Ndamva kuti mmodzi ali kunja, wina akuyang'anira chipatala chaboma lina kumpoto. Ngati munakhalapo ndi Davidson's wokhala ndi banga la tiyi pamutu wa impso, ndikuthokozani kuchokera pansi pa mtima. Munandiphunzitsa kuwerenga ndi maso awiri, lina pa zimene bukulo likunena za mmene nthenda imagwirira thupi, lina pa funso lakuti kodi kuno kwathu, chaka chino, timachita chiyani. Sapu ndinakhoza, ndipo sindinalembenso ina.

Tsopano azing'ono anga a ku KUHeS, yunivesite yathu ya zaumoyo, amene mumandifunsa kawirikawiri kuti mugule liti. Maganizo anga ndi awa, ndipo wina atha kutsutsa. Pakati pa Davidson's ndi Kumar and Clark palibe limene lingakusocheretseni. Onse ndi a ku Britain. Davidson's linayamba mu 1952 kuchokera ku manotsi amene Stanley Davidson ankaphunzitsira ku Edinburgh, ndipo mpaka lero limawerengeka ngati mphunzitsi akulankhula nawe. Kumar and Clark linatuluka mu 1987 ku London, ndipo kwa ine limaoneka lothithikana kwambiri, lokoma kwa munthu amene amakonda mfundo zambiri patsamba limodzi. Pitani ku laibulale, muwerenge mutu umodzi womwewo, monga wa matenda a shuga, m'mabuku onse awiri. Limene mungathe kulifotokozera mnzanu mutalitseka ndiye lanu. Mukasankha, linalo mulisiye.

Za buku lakale ndinene mosabisa, kuopera kuti wina angamve ngati ndikutamanda kukalamba. Mmene chiwindi chimagwirira ntchito sizinasinthe kuyambira 2006, ndipo mtima wodwala ukumveka chimodzimodzi. Koma mankhwala ndi milingo yake zimasintha, ndipo apa buku lakale likhoza kupha munthu. Ngati thumba likulola, gulani laposachedwa. Pamakhala lotsikirako mtengo losindikizidwira maiko ngati athu, ngakhale kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 liwu lakuti "lotsikirako" linasanduka nthabwala. Ndipo ngakhale mutagula latsopano lonunkhira inki, musalembe mankhwala musanatsegule Malawi Standard Treatment Guidelines ndi malangizo a Unduna wa Zaumoyo a HIV, TB ndi malungo. Buku la ku Edinburgh silidziwa zimene zili mufamase yanu. Amene muwerenge la ku America, monga Harrison's, musamale ndi manambala: iwo shuga wa m'magazi amalemba mu mg/dL, a ku Britain mu mmol/L, ndipo pakati pake pali kuchulukitsa kapena kugawa ndi 18. Timakina tathu ta pawodi tina timawerenga uku, tina uko. Ndinaonapo mnzanga atatuluka thukuta poona 90 pa kamakina ka mg/dL, akuganiza kuti wodwala watsala pang'ono kufa, pamene shuga anali bwinobwino. Principles of Medicine in Africa musalidutse pashelefu. Si lonyamula tsiku ndi tsiku, koma limalankhula za odwala amene mudzakumane nawo.

Ndibwerere ku zothokoza, ndisanasanduke mphunzitsi.

Anamwino ndi makilinikolo ofesala, inu ndi amene munandilera pa intenishipu. Kolera itafika pachimake kumayambiriro kwa 2023, mliri umene unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndinatumizidwa kumatenti. M'buku langa nthenda imeneyi inatenga malo ochepa kwambiri, ndipo zimene zinalembedwazo n'zoona ndithu: madzi, madzi, madzi. Koma silinandiuze kuti ndipeza bwanji mtsempha pa mkono wozizira wa munthu amene maso alowa m'kati ndipo kugunda kwa magazi sikukumveka. Asisita ena achikulire, amene anaona miliri ingapo ine ndisanabadwe, anandigwira dzanja usiku woyamba. "Adokotala, musanjenjemere. Ikani ma cannula awiri, Ringer's atseguke yense, finyani thumbalo ndi manja. Akayamba kutukwana ndiye kuti wabwerera, mum'patse Thanzi." Bambo amene ndinkaona ngati tamutaya anadzuka pasanathe maola atatu n'kufunsa kuti njinga yake ili kuti. Asisita inu, munkanditchula adokotala ndili wosadziwa kanthu, ndipo ulemu umenewo unandikakamiza kuti ndifulumire kudziwa. Mliriwo usanathe, namondwe Freddy anagwa mu Malichi, ndipo sabata imeneyo sindikumbukira kuti ndinatsegula buku lililonse.

Kuwodi ya ana ndi kumene ndinazindikira kuti mabuku aakuluwo nawonso amaphunzira kwa ife. Sikelo imene timayezera kukomoka kwa mwana wa malungo a muubongo, yochokera pa 0 kufika pa 5, dziko lonse limaitcha Blantyre Coma Score, chifukwa Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaikonzera konkuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Tsiku limene ndinaona dzina la Blantyre m'buku losindikizidwa kunja ndinamwetulira ndekha ngati wopenga.

Odwala ndi agadiyani, mwina simudzawerenga izi, koma ngongole yanga yaikulu ili kwa inu. Palibe buku limene linandiuza kuti agogo akati "mtima ukundipweteka" ndiyenera kuwapempha aloze ndi chala, chifukwa nthawi zambiri chala chimapita pachifu. Kapena kuti "malungo" pakamwa pa wodwala akhoza kukhala kutentha thupi kulikonse, kuyambira chibayo mpaka taifodi. Zithunzi zambiri za m'mabuku n'za khungu loyera, pomwe kufiira kumaonekera patali. Pa khungu lathu ndinaphunzira kwa inu: kutsitsa chikope ndi kutambasula chikhatho pofuna kuona kuchepa kwa magazi, kuyatsa tochi m'kamwa kufunafuna mawanga a khansa ya Kaposi. Munalola ophunzira asanu ndi atatu kukudinani pamimba motsatizana kuti timve kapamba wotupa, ena mwa inu mukudziwa kuti kwanu simubwereranso. Mayi wina wodikirira mwamuna wake ankandisungira mbatata yowotcha usiku uliwonse umene ndinali pantchito, ati ndikuoneka wowonda kuposa odwala.

Anzanga asanu a gulu lowerengera limodzi, amene tinkafunsana mafunso ndi tochi ya foni magetsi akazima, ndikuonani Loweruka. Nyama ndigula ine, koma amene anabwereka Oxford Handbook yanga m'chaka chachinayi abwere nayo. Ndikumudziwa.

Malume, chenji chija chinalipo, K3,000, ndipo ndinadyera chipisi. Malipiro anga akubwerawa fetereza wa chaka chino ndi wanga, musakane.

Bukulo ndalembamo zanga ndi cholembera chobiriwira, kuti wodzabwera asasokoneze ndi za anzanga atatu aja. Zambiri ndi matanthauzo a mawu a odwala. Chachitali kwambiri chili pamutu wa cryptococcal meningitis, nthenda youmitsa khosi imene imagwira anthu amene chitetezo chatsika kwambiri: liposomal amphotericin B kamodzi kokha, 10 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Bungwe la WHO linavomereza njira imeneyi mu 2022 potsatira kafukufuku amene ena mwa odwala ake anali a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pansi pake ndalemba chaka, n'kusiya mpata woti wina adzadule mzere zikadzasintha.

Mawa m'mawa akubwera kudzalitenga mtsikana wina wa chaka chachitatu, wa ku Nsanje, amene madamu aja anditumizira. Pafoni anandifunsa mwamanyazi ngati lili laposachedwa. Ndinamuuza kuti abwere ndi chikwama cholimba ndi cholembera cha mtundu wina, chifukwa buluu, pensulo, chofiira ndi chobiriwira zili ndi eni ake kale.